Masukulu achedwanso kutsegula: kodi malo a mwana wanga adzakhalapobe?

Amake Tiyamike, Kanyama:
Mwaswera bwanji nonse a pagulu pano. Ndamva pa wailesi kuti masukulu satsegulanso pa 29 Januwale 2024 monga anatiuzira, akuti tidikire mpaka pa 12 Febuluwale chifukwa kolera sinathe. Poyamba tinkayembekezera pa 8 Januwale. Ine sindikutsutsa ayi. Kuno kwathu ku Lusaka mvula ikagwa madzi amalowa mpaka m'nyumba, zimbudzi zasefukira, ndipo anthu tawaona ndi maso athu akunyamulidwa kupita ku Heroes Stadium, kumene akugonekako odwala kolera. Koma mtima wanga suli m'malo. Wamng'ono wanga ndinamulembetsa Giredi 1 chaka chisanathe, ndipo ndikuganiza zomutumiza kwa agogo ake ku Katete mpaka matendawa achepe. Kodi akachedwa kubwera, malo ake adzawapeza? Ndikufunsa chifukwa nthawi ya korona ndinapsa kale ndi mkulu wake.

Aphunzitsi a Giredi 2, Matero:
Amake Tiya, chonde musamutumize musanaonane ndi akusukulu. Ngakhale ana sakuphunzira, ahedi kapena achiwiri awo amapezeka ku ofesi masiku ena. Pitani mukanene, alembe penapake. Malo a Giredi 1 ndi amene amathamangiridwa kwambiri. Sabata yoyamba pageti pamadzaza makolo amene sanalembetse, aliyense mwana kudzanja, kadi ya kusikelo m'thumba. Dzina limene mwini wake sakuoneka ndiponso palibe amene wanena chilichonse, n'losavuta kulilumpha.

Atate ake a Mphatso, Chawama:
Nanga mkulu wakeyo zinayenda bwanji, amayi? Tiuzeni, mwina ena tiphunzirepo.

Amake Tiyamike, Kanyama:
Ndi nkhani yaitali, achimwene, koma ndifotokoza. Masukulu atatsekedwa pa 20 Malichi 2020, Tiya anali Giredi 3, zaka 9. Ine ndinkagulitsa vitumbuwa ndi mafiriziti pafupi ndi geti la sukulu yomweyo. Ana atachoka, malonda anatha tsiku lomwelo. Bambo ake ankagwira maganyu a zomangamanga, nawo ntchito inaima. Mu Epulo tinaona kuti pakhomo pano pakamwa pachuluka, ndiye tinamukweza basi ndi azakhali ake kupita kumudzi. Tinkati mwezi umodzi kapena iwiri.

Mu Seputembala atalengeza kuti makalasi onse abwerere, ndalama ya basi yoti ndikamutenge ndinalibe. Kupita ndi kubwera Katete si pafupi. Ndinati adikire Khirisimasi. Khirisimasi inadutsa. Anabwera mu Febuluwale 2021, ndinamuchapira yunifolomu, ndinamupititsa. Aphunzitsi anatsegula buku, anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kundionetsa. Dzina la mwana wanga linalipo, koma linali ndi mzere wofiira pakati. Pambali analemba kuti anasamuka. Ndani anawauza kuti tasamuka? Palibe. Mwana wina m'kalasi ndiye ananena kuti Tiya anapita kumudzi.

Anati malo adzaza. Ndinayenda masukulu atatu, kulikonse akufuna kalata ya transifa. Kalata ndikaitenga kuti, poti kumudzi sankapita kusukulu, ankathandiza agogo ake kumunda? Mapeto ake ndinamuika pa sukulu ina ya m'komboni yolipira pamwezi, anabwereza Giredi 3. Miyezi ina ndimalephera kulipira, amakhala pakhomo. Mu 2022 atapeza malo ku sukulu ya boma anamuyesa kuwerenga, anati ayambirenso Giredi 3. Lero ali ndi zaka 13, akulowa Giredi 5. Anzake amene anayamba nawo alemba mayeso a Giredi 7 chaka chino. Usiku wina anandifunsa kuti, amama, kodi ine ndine mbuli? Sindinagone.

Mlongo wa ku George:
Pepani kwambiri asisi. Ndagwetsa misozi. Mwanayo si mbuli, mumuuze tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi a Giredi 2, Matero:
Mzere wofiira umenewo ndikuudziwa, chifukwa nanenso ndinaujambulapo, ndipo ndikamva nkhani ngati iyi mtima umandipweteka. Ndiloleni ndikuuzeni mmene zinalili mbali yathu. Titatsegula mu Seputembala 2020 ndinali ndi mayina 84 m'rejisitala. Lamulo linali loti ana atalikirane, ndiye tinawagawa magulu atatu, gulu lililonse kubwera masiku ake, maola ochepa. Pageti panali ndowa ya mpopi ndi sopo, wina akuyeza kutentha pamphumi, ana avala mamasiki a chitenje osokedwa ndi atelala a m'komboni, ena aakulu mpaka kuphimba maso. Mwana ukumuona kawiri pa sabata, nkhope yobisika. Ukaitana dzina osayankhidwa, umaganiza kuti mwina wasokoneza tsiku, abwera ndi gulu la mawa. Zinanditengera pafupifupi mwezi kuti ndizindikire kuti ana 11 sanabwerepo n'kamodzi komwe. Manambala a foni a makolo amene tinali nawo, ambiri sankagwira. M'komboni anthu amasamuka nyumba lendi ikavuta, ndipo chaka chimenecho lendi inavuta aliyense. Ndinapeza anayi poyenda ndekha Loweruka, kufunsa m'tuntemba ndi kwa amayi a pampopi. Asanu ndi awiri sindikudziwa kumene ali mpaka lero.

Ndipo amene anabwerawo, miyezi isanu ndi umodzi pakhomo inawabweza m'mbuyo kwambiri. Nthawi imeneyo kuno ku Lusaka makalasi oyambirira tinkaphunzitsa m'Chinyanja, ndiye mwana wa Giredi 2 ankayenera kulumikiza ma, me, mi, mo, mu n'kuwerenga mawu. Kamtsikana kena kamene mu Malichi kankawerenga kankhani konse, mu Seputembala kanagwira pensulo ngati mpeni, n'kundiyang'ana kuti ndikauze poyambira.

Atate ake a Mphatso, Chawama:
Ine mpaka lero sindimvetsa. Msika wa Soweto unali wodzaza, mabasi akuyenda, ana omwewo amene anawatsekera sukulu tinkawaona ku City Market akugulitsa mapulasitiki ndi mamasiki. Ndiye tinawateteza ku chiyani? Kusukulu bwenzi akusamba m'manja ndi sopo.

Amalume a ku Chilenje:
Achimwene, pamenepo ndisiyana nanu. Mukukumbukira Juni 2021? Sabata imene a Kaunda anatisiya, pa 17 Juni, ndi nthawi yomweyo masukulu anatsekedwanso. Ine mwezi umenewo ndinaika m'manda mkulu wanga, anali mphunzitsi wa sekondale. Zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa, kumanda kunali mizere ya magalimoto. Katemera anali atangoyamba mu Epulo chaka chomwecho, ambiri tinali tisanabayitse. Ana mwina sankadwala kwambiri, koma amene amaima kutsogolo kwa kalasi ndi munthu wamkulu, ena a shuga, ena a BP, ndipo mwana madzulo amabwerera kwa agogo ake. Kutseka kunali koyenera. Chimene chinalakwika n'chakuti titatseka, panalibe amene anawerenga ana kuti aone ngati onse abwerera.

Atate ake a Mphatso, Chawama:
Pepani za akulu anu, amalume, sindinkadziwa. Za 2021 ndikuvomera. Koma miyezi isanu ndi umodzi ya 2020 ija inali yaitali kwa mwana wa m'komboni.

Ahedi opuma, Kabwata:
Ana anga, ndawerenga zonse. Ndinapuma ntchito kumapeto kwa 2022, choncho nyengo yonseyi ndinali pampando. Ndifotokozeko mmene zinthu zimayendera, kuti mudziwe khomo logogoda.

Kutseka kapena kutsegula masukulu salamula ahedi, ngakhalenso a DEBS, akulu a ofesi ya maphunziro paboma. Zimachokera ku unduna, mogwirizana ndi a zaumoyo. Nthawi ya korona unkatchedwa unduna wa General Education, kenako mu 2021 anauphatikiza ndi wa maphunziro apamwamba kukhala unduna umodzi wa Education. Kalata imatsika kuchokera kulikulu kupita kwa mkulu wa maphunziro m'chigawo, amene timati PEO, kenako kwa DEBS amene amayang'anira masukulu a m'boma lonse la Lusaka, kenako kumazoni, n'kufika kwa ahedi. Ntchito ya ofesi ya DEBS pa nthawi ngati ino ndi kutumiza oyendera masukulu kuti aone ngati pali madzi, zimbudzi zogwira ntchito, posambira m'manja, ndiponso kulandira chiwerengero cha ana.

Chiwerengero chimenechi ndiye pagona nkhani. Chimene chimakwera kumwamba ndi nambala: anyamata angati, atsikana angati, giredi iliyonse. Mayina amatsala m'rejisitala ya mphunzitsi. Tsono kuno ku Lusaka mwana mmodzi akachoka, pageti pali atatu ofuna malo akewo. Tiyamike akachoka, wina n'kulowa, nambala imakhala yomweyo, ndipo amene ali ku ofesi yaikulu saona kuti pasowa munthu. Kumudzi mwana akasowa, benchi imaoneka yopanda munthu ndipo anyakwawa amadziwa kwawo. M'tauni dzenje limadzikwirira lokha.

Komabe, amake Tiya, dzina la mwana siliyenera kufufutidwa chifukwa cha mawu a mwana mnzake. Pamenepo panalakwika. Sukulu ikakukanizani malo popanda chifukwa chomveka, muli ndi ufulu wopita kwa ahedi a zoni, ndipo zikakanika, ku ofesi ya DEBS, mukafotokoze. Iwo amadziwa sukulu imene ili ndi mpata. Makolo ambiri amabwerera pageti akangouzidwa kuti kwadzaza, osadziwa kuti pali khomo lina.

Amake Tiyamike, Kanyama:
Zikomo kwambiri ahedi. Ndikanadziwa zimenezi mu 2021, bwenzi mwana wanga asanataye zaka ziwiri. Ine ndinkaona ngati ofesi imeneyo ndi ya aphunzitsi okhaokha.

Mnyamata wa ku Kalingalinga:
Moni makolo. Ine ndinali Giredi 12 mu 2020. Ife a makalasi a mayeso, Giredi 7, 9 ndi 12, tinabwerera msanga, pa 1 Juni. Sukulu yonse inali yathu, m'kalasi tinali ochepa, desiki aliyense yake. Kunena zoona ndi nthawi yokhayo pa moyo wanga wa sukulu imene mphunzitsi anaima pa desiki yanga n'kuona mmene ndikuwerengera masamu. Koma mng'ono wanga anali Giredi 8, anakhala pakhomo mpaka Seputembala. Iye ndi anzake ndi amene anavutika polemba Giredi 9 chaka chotsatira, chifukwa 2021 nayonso inadukaduka.

Atate ake a Mphatso, Chawama:
Nanga maphunziro a pa TV aja anakuthandizani?

Mnyamata wa ku Kalingalinga:
Pang'ono, atate. Panali tchanelo cha maphunziro pa ZNBC, TV4, komanso mapepala a mayeso akale a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, ankapezeka pa intaneti. Koma chaka chimenecho malaiti ankapita maola ambiri chifukwa madzi ku Kariba anali atatsika. Phunziro la sayansi likuyamba, malaiti azima. Foni ya intaneti pakhomo inali imodzi, ya amayi, ndipo amapita nayo kumsika. Ndinkaidikira mpaka usiku, bandulo ikakhalapo. Chimene chinandithandiza kwenikweni ndi aphunzitsi athu a Biology amene anatsegula gulu la WhatsApp, ankajambula manotsi olemba pamanja n'kutumiza. Tinkakopera anthu asanu pa foni imodzi, titakhala pa khonde la aneba.

Mlongo wa ku George:
Kwathu TV tilibe n'komwe. Ana anga ankamvera pa wailesi nthawi zina, koma mwana wa Giredi 1 sangaphunzire kulemba ndi khutu. Pamafunika wina womugwira dzanja.

Agogo a ku Mtendere:
Ndine mdzukulu wawo, ndikulemba zimene agogo akunena. Akuti moni nonse. Akuti musaiwale ana aakazi. Mdzukulu wawo wina, mwana wa malemu mwana wawo, anali Giredi 8 nthawi ya korona. Pokhala pakhomo miyezi yonse ija, agogo ali kumsika, anapatsidwa mimba. Masukulu atatsegula anachita manyazi, anabisala m'nyumba, ndipo agogo anangoti basi sukulu yathera pomwepa. Patapita chaka kunabwera aphunzitsi aakazi a guidance, anakhala pamphasa, anawauza kuti boma linaika lamulo kalekale loti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Agogo akuti anatenga khandalo n'kumalera okha, kupita nalo kumsika kumbuyo. Mtsikanayo chaka chino akulowa Giredi 11. Akuti aphunzitsi amenewo sadzawaiwala mpaka kufa, chifukwa anayenda wapansi m'matope kufunafuna nyumba yopanda nambala.

Ahedi opuma, Kabwata:
Agogo anena zoona. Lamulo lolola atsikana kubwerera kusukulu atabereka linayamba mu 1997. Pali fomu imene makolo ndi sukulu amasainirana mtsikana akamapita kukachira, kuti malo ake asungidwe. Vuto la nthawi ya korona linali lakuti mimba zambiri zinachitika sukulu zili zotseka, ndiye panalibe fomu, panalibe kutsanzika, mtsikana anangozimiririka. Ngati akuopa kusekedwa pa sukulu yake yakale, amaloledwa kupempha transifa kupita kwina. Amene muli ndi ana otere m'nyumba, musawabise.

Amalume a ku Chilenje:
Koma tinene chilungamo, maphunziro aulere a 2022 anabweza ana ambiri amene korona inawathamangitsa. Masukulu atatsegula pa 24 Januwale chaka chimenecho, nawonso mochedwa chifukwa cha korona ya Omicron, ana amene anakhala pakhomo chifukwa cha fizi ndi ndalama za PTA anabwerera. Mwana wa mlongo wanga anali atasiya Giredi 10, anabwerera, pano wamaliza.

Aphunzitsi a Giredi 2, Matero:
Anabwereradi, amalume, ndipo ine ndinasangalala. Koma walira mvula walira matope. Chaka chimenecho kalasi yanga inapitirira 100. Ana ena pansi, ena pawindo, ine malo oimapo ndi kampata ka pabolodi basi. Ena anachokera ku masukulu olipira a m'komboni, ena anali asanagwirepo buku kuyambira Malichi 2020. M'kalasi imodzi muli wa zaka 8 ndi wa zaka 12. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, ndipo ndalama za chitukuko za CDF zitakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse madesiki anayamba kubwera. Zathandiza, sindikana. Koma m'komboni malo omangapo makalasi atsopano ndi ochepa, ndiye timasinthana, ena m'mawa ena masana. Kuti ndichonge mabuku onse, ndimanyamula ena m'thumba la salaula kupita nawo kunyumba. Mwana wonga Tiyamike, amene akufunika munthu wokhala naye pansi mphindi khumi zokha tsiku lililonse, ndi amene amasowa mpata m'kalasi yotere.

Mlongo wa ku George:
Aphunzitsi, nanga ife makolo tingachite chiyani masabata awiri atsalawa? Ana angokhala, ndipo sitikuwalola kusewera kunja chifukwa cha madzi oipa.

Aphunzitsi a Giredi 2, Matero:
Musadikire TV kapena foni. Tengani makope a chaka chatha, mwana aziwerenga mokweza tsamba limodzi m'mawa uliwonse inu mukuphika phala. Ngakhale inuyo simudziwa kuwerenga bwino, khutu lanu limva pamene akukakamira. Wamng'ono mupatseni makala alembe dzina lake pa simenti, awerenge nyemba kapena zitsekerero za mabotolo m'magulu a khumi. Wamkulu aphunzitse wamng'ono. Amake Tiya, apa ndiye pali mwayi: muuzeni Tiya kuti ndiye mphunzitsi wa mng'ono wake mpaka pa 12. Mwana amene amadziona ngati wotsalira, akaona kuti pali wina amene akuphunzira kwa iye, amadzuka.

Amake Tiyamike, Kanyama:
Zimenezo ndiye sindinaziganizepo. Amakondana kwambiri awiriwa. Ndiye kuti ndikamutumiza ku Katete wamng'onoyu ndawalekanitsanso.

Atate ake a Mphatso, Chawama:
Komanso amayi, panjira pamafunika kusamala. Ulendo wa Great East Road ndi wautali, mwana adzafuna kudya ndi kumwa pa Luangwa, ndipo matendawa afika kale m'zigawo zina. Kuli bwino akhale pamaso panu, madzi muzithira klorini kapena kuwiritsa.

Ahedi opuma, Kabwata:
Ndionjezepo chimodzi, makamaka kwa amene muli m'makomiti a makolo. Iyi si nthawi yoyamba ndipo siikhala yomaliza. Mu Januwale 2018 kolera inachedwetsanso masukulu kuno ku Lusaka, kenako korona kawiri katatu, lero kolera. Pamsonkhano woyamba wa makolo mukapemphe zinthu ziwiri. Rejisitala iliyonse ikhale ndi manambala awiri a foni, ya kholo ndi ya mnansi kapena wachibale amene sasamukasamuka. Ndipo masukulu akatsegula, pakatha masabata awiri, mphunzitsi aliyense apereke kwa ahedi mayina a ana amene sanaoneke, mayina osati nambala, kuti makolo a m'komiti agawane n'kuyenda m'makomboni. Ine ndinayamba kuchita zimenezi mochedwa, mu Ogasiti 2021 titatsegulanso. Amayi anayi a m'komiti anapeza ana ambiri kuposa amene ife aphunzitsi tikanawapeza, chifukwa iwo amadziwa kuti uje anasamukira kuseri kwa tchalitchi, uje ali kwa azakhali ake ku Chibolya. Ndimadandaula kuti sindinayambe mu 2020.

Mnyamata wa ku Kalingalinga:
Ine masiku ano ndilibe ntchito yokhazikika. Ngati amake Tiya angalole, Loweruka ndikhoza kumabwera kudzamuthandiza Tiya masamu ndi Chingerezi, kwaulere. Ndinathandizidwa ndi ena, sindingakane.

Amake Tiyamike, Kanyama:
Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Ndikambirana ndi bambo ake madzulo ano, ndikuyankha ku inbox. Koma udikire madzi aphwe kaye, njira ya kwathu panopa ndi ya majombo.

Za ku Katete ndasiya. Mawa m'mawa ndipita kusukulu kukaonetsetsa kuti dzina la wamng'onoyu lilipo, ndikawapatsenso nambala ya aneba anga. Aphunzitsi, kodi ndinyamule chiyani?

Aphunzitsi a Giredi 2, Matero:
Kadi yake ya kusikelo kapena setifiketi ya kubadwa ngati muli nayo, kapepala kamene anakupatsani polembetsa, ndi chitupa chanu cha NRC. Mukapeza ofesi yotseka, funsani alonda tsiku limene ahedi amabwera. Ndipo pa 12 mulawirire, mufike naye geti lisanadzaze.

Mlongo wa ku George:
Asisi, mundiimbire mukamanyamuka. Pali mwana wa aneba anga, wa zaka 11, sanabwerere kusukulu chichokereni korona, amangotunga madzi. Ndikufuna ndikalankhule ndi amayi ake usiku uno, ngati avomera tipitire limodzi mawa tikafunse ngati angamulandire.